Vinyo "wouma" wochokera kudziko la mvula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wathu wina wa ku Ntcheu, amene pano akuperekera zakudya mu lesitilanti ya nsomba ku Cape Town. Analemba motere:

"Achimwene, pa mndandanda wa vinyo wa kuntchito kwathu pali wina wa ku Spain, dzina lake Albariño, ndipo pambali pake analembapo kuti dry. Kasitomala wina anandifunsa kuti amakoma bwanji, ine kusowa chonena, ndinangoti ndi wabwino. Nditalawako pang'ono ndinangomva kuwawasa basi. Kodi chinthu chamadzi chingakhale chouma bwanji? Nanga bwanji vinyo wowawasa chonchi akudula kuposa wotsekemera uja amamwa pa ukwati? Ine sindimwa mowa, koma ntchitoyi ndikufuna ndiidziwe bwino."

Achemwali, zikomo polemba. Inenso ntchito ya m'mahotela ndinayambira pa thireyi, ndipo manyazi oima pa tebulo wopanda yankho ndimawadziwa. Choyamba ndikuuzeni kuti lilime lanu silinakunamizeni. Vinyoyu ndi wowawasadi. Kuwawasako ndiye msana wake, ndipo mukadziwa komwe kumachokera simudzasowanso chonena.

Tiyambe ndi dzinalo, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepo. Chilembo ñ chija, cha kamzere pamutu, ndi "ny" yathu yomwe ija ya mu nyama ndi nyemba. Ndiye muziti Albarinyo, mosadodoma. Ife Achewa mawu amenewa timawatchula bwino kuposa makasitomala ambiri amene mukuwaperekerawo.

Za kuumazo, kumbukirani thobwa. Tsiku loyamba limatsekemera, ana amalimbirana. Mukalisiya masiku atatu kapena anayi limayamba kuwira, thovu pamwamba, kutsekemera kuja kumachepa, ndipo akuluakulu amati lasasa. Chimene chachitika n'chakuti yisiti yadya shuga n'kumusandutsa mowa ndi mpweya. Vinyo aliyense amapangidwa chimodzimodzi. Madzi a mphesa zakupsa amakhala ndi shuga wopitirira magalamu 200 pa lita imodzi. Yisiti ikadya magalamu pafupifupi 17 pa lita, mphamvu ya mowa imakwera ndi 1 pa 100. Werengani nokha: magalamu 210 akadyedwa onse, vinyo amatuluka wa mphamvu ya 12 ndi kapamwamba, ndipo nambala ya pa botolo lanulo mukaiona ili cha pomwepo, 12 kapena 13. Vinyo amene yisiti yamudyera shuga yense mpaka kutha ndiye amamuti dry pa Chingerezi, seco pa Chisipanishi. M'Chichewa chomveka tingoti wosatsekemera. Lamulo la ku Ulaya limati vinyo wotere asapitirire magalamu 4 a shuga pa lita, kapena 9 ngati ali ndi asidi wambiri woti n'kuphimba shugayo. Yerekezani ndi Coca-Cola, amene amakhala ndi magalamu opitirira 100 pa lita. Wotsekemera wa pa ukwati uja, opanga amaimitsa yisiti isanamalize ntchito, pomuziziritsa ndi kumusefa, kapena amathiramo madzi a mphesa osawira pamapeto. Ndipo shuga amabisa zambiri. Mphesa zikhale zosapsa bwino, zikhale zoonongeka pang'ono, shuga amakwirira. Vinyo wosatsekemera alibe pobisala: chimene chinali m'munda ndi chimene chimafika pakamwa.

Ndiye tipite kumundako.

Anthu akamva za Spain amaganiza za dzuwa loswa mtengo ndi nthaka youma. Komatu kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, pamwamba penipeni pa Portugal, kuli chigawo cha Galicia, chobiriwira chaka chonse, chimene chimayang'anana ndi nyanja ya Atlantic. Kumeneko nyanja inalowa m'zigwa za mitsinje ngati zala za dzanja, ndipo timanja ta nyanja timeneti amatitcha rías. Zakum'mwera zake ndiye Rías Baixas, kutanthauza za kumunsi. Dzina limeneli mulipeza pa botolo lanu. Anthu akumeneko ali ndi chinenero chawo, Chigalishiya, chomwe ndi pachibale kwambiri ndi Chipwitikizi, moti abale athu a ku Tete ndi ku Angónia mawu oti baixa angawamve osafuna womasulira.

Mvula kumeneko imagwa mamilimita pafupifupi 1,600 pa chaka, pafupifupi kawiri ya ku Lilongwe. Kwa mlimi wa mphesa, mvula yotere ndi mdani. Mphesa zimakonda kouma. Zikakhala pachinyontho zimagwidwa chuku ndi chiwawu, n'kuolera pamtengo pomwepo. Vinyo amene mukumutcha woumayu ndi mwana wa dera limodzi mwa madera onyowa kwambiri a dziko la Spain, ndipo pafupifupi chilichonse chimene mumamva mwa iye chinabadwa pa kulimbana ndi chinyonthocho.

Ndinafikako kamodzi, mwezi wa Seputembala, nthawi yokolola, m'midzi yozungulira tauni ya Cambados. Chimene sindidzaiwala ndi mmene amayalira mipesa. Ku Stellenbosch, dera la mphesa kufupi ndi Cape Town, ngati munapitako, mipesa imakhala m'mizere yofika m'chiuno kapena pachifuwa. Ku Galicia amaikweza pamwamba ngati thandala loyanikapo usipa ku Mangochi, koma lalitali kuposa munthu, pafupifupi mamita 2. Mizati yake si mitengo ayi, ndi miyala ya granite yosemedwa ngati nsanamira, chifukwa mtengo ungaole ndi mvula ija, pomwe mwalawo ndi wosasowa kumeneko. Nyumba, mipanda, ngakhale nkhokwe zawo za chimanga n'zamwala womwewo. Pamwamba pa mizatiyo amakungapo mawaya, mpesa n'kuyanga mpaka kupanga denga la masamba. Iwo amalitcha parra. Ukalowa pansi pake umayenda mumthunzi wobiriwira, mphesa zili lende pamutu pako, ndipo mphepo ya kunyanja imadutsa pansipo n'kumaumitsa mame. Zipatso zili kutali ndi nthaka yonyowa, mpweya ukuzungulira momasuka, chuku chimavutika kugwira. Kale pansi pa thandalapo ankadzalapo kabichi ndi mbatata, poti malo ndi ochepa, ndipo m'makomo ena mpaka lero zikadali choncho.

Ndinaona mayi wina wachikulire akukolola ataima pa kabokosi, manja ali m'mwamba, khosi chagada, akudula phava limodzilimodzi ndi kasizasi n'kumaika m'kireti. Ndinayesako kwa mphindi zochepa chabe, mapewa anachita kuyaka moto. Iwo amatero kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Makina okolola sangalowe pansi pa denga lotere, ndipo mphesa za Rías Baixas zimathyoledwa ndi manja, n'kuikidwa m'makireti ang'onoang'ono a makilogalamu ngati 20, kuti za pansi zisaphwanyike ndi kulemera kwa zinzake. Funso lanu la mtengo lija, theka la yankho lake lili pa mapewa a mayi ameneyu.

Theka linalo ndi kukula kwa minda. Dera lonseli lili ndi mahekitala opitirira 4,000 a mphesa, koma alimi ake ndi pafupifupi 5,000. Ndiye kuti mlimi mmodzi safika ngakhale hekitala imodzi, ndipo kamundako kamakhalanso kogawikana zidutswa, china kuseri kwa nyumba, china kutsidya kwa msewu, china kwa agogo. Chinachititsa n'chimene ifenso timachidziwa: munda wa makolo kugawidwa kwa ana, ana n'kugawiranso ana awo. Pa chifukwa chimenechi makopaletivi ndi amphamvu kumeneko. Mayina ngati Martín Códax, Condes de Albarei ndi Paco & Lola, amene mabotolo awo amafika kutali, kumbuyo kwawo kuli alimi ang'onoang'ono mazanamazana operekera mphesa pamodzi. Onjezanipo mankhwala opopera kangapo pa chaka chifukwa cha chuku chija, ndi ulendo wa panyanja mpaka ku Cape Town, muona kuti mtengowo sunangogwa kumwamba.

Mphesa yakeyo, imene nayonso dzina lake ndi Albariño, ndi yaing'ono, yobiriwira mopita kuchikasu, ya khungu lokhuthala ndi njere zambiri. Khungu lokhuthalalo ndi limene limaithandiza kupirira mvula, ndipo fungo lambiri la vinyoyu limakhala m'khungu momwemo. Kakuwawa pang'ono kamene kamatsalira kukhosi mukameza, konga ka khungu la manyumwa, kamachokeranso komweko. Pali nthano yakale yoti amonke anabwera nayo mbewuyi kuchokera ku mtsinje wa Rhine, ku Germany, podzera njira ya apaulendo wachipembedzo opita ku Santiago de Compostela. Nthanoyi ndi yokoma, makasitomala ena adzakuuzani, koma kafukufuku wa chibadwa cha mbewu anasonyeza kuti Albariño ndi wakwawo komweko. Kutsidya kwa mtsinje wa Miño, ku Portugal, cha ku Monção ndi Melgaço, amalima mphesa yomweyo n'kumaitcha Alvarinho.

Tsono kuwawasa kuja. Mphesa ikamapsa, shuga amakwera, asidi amatsika. Kotentha kwambiri asidi amatha msanga, vinyo n'kukhala wolemera, wofooka mkamwa. Ku Rías Baixas nyanja imaziziritsa dziko, mphesa zimapsa pang'onopang'ono, ndipo zimafika pokolola asidi akadalimo wambiri. Asidi wamkulu wa mu mphesa ndi yemwe uja ali mu bwemba. Izi ndikunena zenizeni, si fanizo: ndi asidi mmodzi yemweyo, dzina lake tartaric. Winayo, malic, ndi wa mu maapozi osapsa. Choncho malovu aja amatuluka m'mbali mwa lilime mukamatafuna bwemba ndi omwewo munamva mutalawa vinyoyu.

Kopangira vinyo ntchito yake ndi kusunga zimene munda wapereka, osazisokoneza. Mphesa zikafika amazichotsa ku timitengo take n'kuziphwanya. Ena amasiya madziwo agone ndi makungu kwa maola angapo pozizira, kuti fungo lija lituluke. Kenako amafinya mofatsa, makungu ndi njere n'kutayidwa. Apa ndi pamene vinyo woyera amasiyanirana ndi wofiira: wofiira amawira limodzi ndi makungu ake, ndiwo amamupatsa mtundu, pomwe woyera amawira madzi okhaokha. Madziwo amawasiya adikhe, zinyalala zikhale pansi, n'kuwatsanulira m'mathanki akuluakulu a chitsulo chosachita dzimbiri. Mmenemo amawira kwa masabata angapo, ndipo amawaziziritsa dala kuti kutentha kusapitirire madigiri 18 kapena cha pamenepo. Mphika wa ndiwo ukawira mwaphuma fungo lonse limathawira panja, anthu a pamsewu ndiwo amalimva, vinyonso chimodzimodzi. Mathanki ozizirawa ndi amene anasintha mbiri ya Albariño m'zaka za m'ma 1980. Kale anali vinyo wa pakhomo, wa mbuu, womwera m'timbale tadothi toyera. Nyumba zochepa zokha, monga Palacio de Fefiñanes ku Cambados, ndizo zinkamuika m'botolo la dzina, iwowo kuyambira mu 1928. Dera la Rías Baixas linavomerezedwa mwalamulo mu 1988, ndipo lero vinyoyu amagulidwa kwambiri ku America ndi ku Britain.

Kuwira kukatha, mwini vinyo amakhala ndi zisankho ziwiri zimene zimasintha kakomedwe kwambiri. Choyamba: chaka chikakhala chozizira, asidi atachuluka mopyola, amatha kulola tizilombo tina tabwino tisandutse asidi wa maapozi uja kukhala wonga wa mu chambiko, amene ndi wofewa. Ambiri amatero ndi gawo chabe la vinyo, kapena osatero n'komwe, chifukwa safuna kutaya kuthwa kuja.

Chachiwiri ndi chimene ine ndimachikonda, ndipo ndikhalepo pang'ono. Yisiti ikamaliza shuga imafa n'kukhala pansi pa thanki ngati phala loyera. Zimenezi ndi nsenga. Munthu angaganize kuti n'zotaya msanga, koma opanga Albariño wabwino amasiya vinyo agone pa nsenga zake miyezi ingapo, ena n'kumavundula mwa apo ndi apo. Nsengazo zikamasungunuka zimapatsa vinyo thupi. Amakhala wonona pang'ono mkamwa, kuwawasa kuja kumavala chovala, ndipo pamabwera kafungo konga ka buledi wongophulidwa kumene. Mukaona mawu oti sobre lías pa botolo, tanthauzo lake ndi limeneli: wagona pa nsenga. Nyumba ya Pazo de Señoráns ili ndi vinyo wina, Selección de Añada, amene amagona pa nsenga miyezi yoposa 30 m'thanki yachitsulo, ndipo amagulitsidwa patapita zaka zingapo chikololereni. Amenewa ndiwo anatsutsa chikhulupiriro choti Albariño ndi womwa chaka chomwecho basi. Asidi wambiri uja amasunga vinyo monga mmene mchere umasungira nsomba. Ine pakati pa Albariño wofulumira kulowa m'botolo ndi wogona pa nsenga, ndimasankha wachiwiriyu nthawi zonse. Woyambayo amasangalatsa mphuno. Wachiwiri amakhalitsa mkamwa. Migolo yamatabwa ena amayesako, koma kwa ine thabwa limaphimba chimene ndinadzera.

Mwati simumwa. Musade nkhawa, ntchitoyi siifuna kuti mumeze. Akatswiri olawa vinyo amalavula, apo ayi sangafike masana. Pemphani a manejala kuti akuthirireni pang'ono botolo likatsegulidwa. Zunguzani tambula, lowetsani mphuno, mupume. Mumva pichesi, khungu la ndimu, nthawi zina manyumwa, ndi kafungo ka maluwa oyera chapatali. Mphuno idzakuuzani kuti chikubwerachi n'chotsekemera, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa fungo la zipatso ife tinalizolowera limodzi ndi shuga. Ikani pang'ono mkamwa, muyendetse. Shuga mulibe. Muli kuthwa, kuzizira, kenako kamchere kumapeto. Lavulani, muwerenge kuti kakomedweko katenga nthawi yaitali bwanji kasanazimirire. Vinyo wabwino amachedwa kuchoka.

Kamchereko palibe amathiramo. Alimi a ku Val do Salnés, chigawo cha m'mphepete mwenimweni mwa nyanja kumene kuli Cambados, amati ndi mphepo ya Atlantic ndi dothi lawo la mchenga wa granite wofumbutuka, ndipo n'zoona kuti vinyo wa kumeneko ndiye amamveka mchere kwambiri ndi kuthwa. Wa ku Condado do Tea, kumtunda kotenthera, amakhala wofewa ndi wa zipatso zakupsa. Wa ku O Rosal, kufupi ndi pamene Miño amathira m'nyanja, kawirikawiri amamusakaniza ndi mphesa ina yonunkhira, Loureira. Zigawo zonse ndi 5, kuphatikizapo Soutomaior ndi Ribeira do Ulla, koma zitatu zoyambazi ndizo mudzakumana nazo. Botolo la Rías Baixas likalembedwa kuti Albariño, ndiye kuti mulibe mphesa ina.

Ngati mukufuna kumvetsa vinyoyu ndi lilime la kwathu, kumbukirani mwezi wa Okutobala, mango asanapse, ana atakhala pansi pa mtengo ndi kamchere m'dzanja, akusenda mango aawisi n'kumasunsa. Kuwawasa, mchere, fungo la chipatso, malovu kudzaza mkamwa, ndipo ukamaliza limodzi umafuna lina. Albariño ali m'banja limenelo la zokoma.

N'chifukwa chake ali pa mndandanda wa lesitilanti ya nsomba. Kwawoko amamwa ndi zam'nyanja. Mu Ría de Arousa, pamaso pa Cambados, muli mathandala oyandama ambirimbiri, dzina lawo bateas, amene amalendeweza zingwe zoweterapo nkhono zakuda zija mumagulitsa kuntchito kwanu. Amadyanso octopus, nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, wowiritsa, wodulidwa pa mbale yathabwa, wothira mafuta a olivi, mchere ndi tsabola wofiira. Chaka chilichonse kumayambiriro kwa Ogasiti tauni ya Cambados imachita chikondwerero cha Albariño, chimene chinayamba mu 1953. Vinyoyu pa nsomba amagwira ntchito ya ndimu. Chambo chokazinga mukachifinyira ndimu, mafuta aja amadulidwa, nsomba imamveka bwino, ndipo nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba. Ndinayesapo ndi chambo chootcha pa makala, cha mchere wokha, ndipo zinagwirizana ngati zinakulira mudzi umodzi. Koma musamupereke ndi keke kapena zotsekemera zina. Pambali pa shuga amasanduka wowawa. Nyama yofiira yonona nayonso imamupondereza.

Mumupereke wozizira, madigiri 8 mpaka 10, osati wochita kuuma ndi ayezi. Kuzizira kopyola kumatseka fungo, kasitomala n'kungomva kuwawasa kokha, ndipo mwina ndi zimene zinakuchitikirani inu tsiku lija. Botolo likakhala nthawi yaitali mu ndowa ya ayezi, litulutseni likhale pa tebulo pang'ono. Pa chaka cholembedwa pa botolo, kumbukirani kuti ku Spain amakolola mu Seputembala pomwe ku Cape amakolola cha mu Febuluwale ndi Malichi, ndiye wa ku Spain wa chaka chatha akadali mwana ndithu, musamuyese wokhalitsa.

Kasitomala akadzafunsanso, simukusowa kunena zonsezi. Muuzeni kuti ndi vinyo woyera wosatsekemera wa m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Spain, wonunkhira pichesi ndi ndimu, wothwa mkamwa, wa kamchere kumapeto, ndipo kuti ndi nsomba imene waitanitsayo ayenda bwino. Akati amakonda Sauvignon Blanc, vinyo wina woyera amene ndi wofala kumeneko, muuzeni kuti uyu ndi wothwa chimodzimodzi koma alibe fungo la udzu lija, ndipo ndi wodzaza mkamwa. Akati akufuna wotsekemera, musamukakamize, mupatseni wina. Kasitomala wonamizidwa sabweranso.

Chinthu chimodzi chomaliza, poti muli ku Cape komweko. Alimi ena a ku South Africa anayamba kudzala mphesa imeneyi, monga a Newton Johnson ku Hemel-en-Aarde, kufupi ndi Hermanus, ndi a Springfield ku Robertson. Ngati mabotolo amenewa amapezeka kuntchito kwanu, pemphani tsiku lina lopanda makasitomala ambiri akuthirireni matambula awiri, ina ya ku Galicia, ina ya ku Cape, muziike pamodzi. Nunkhizani iyi, nunkhizani iyo, mulawe, mulavule, ndipo zimene mwamva muzilembe m'kabuku m'Chichewa momwemo, kaya ndi bwemba, kaya mango, kaya masuku. Mukatero mundilembere, ndikufuna ndimve kuti mchere uja mwaupeza mu tambula iti.